Phwando la Tsiku Lobadwa pa Lesitilanti ya Chijapani: Mmene Mungasankhire Malo a Gulu Lalikulu

Kwathu phwando limatambasuka ngati legeni. Mwaitana anthu 15, afika 24, wina wabwera ndi mlamu wake, wina ndi mnzake wa kukwaya. Amayi angowonjezera ufa mumphika, nkhuku aiduladula, aliyense adya. Ku Tokyo zimenezo kulibe. Lesitilanti ya Chijapani imayendera chiwerengero cha mitu ndi wotchi, ndipo wokonza phwando akaiwala ziwirizi, usiku wonse amautha ali chiimire pakhomo, kupepesa eni malo uku, kupepesa alendo uku.

Ajapani ali nalo dzina la munthu ameneyu, amati kanji. Ndiye wofunafuna malo, woimba foni, wotolera ndalama, komanso wosenza manyazi zikalakwika. Ine ukanji ndaugwirapo kangapo pakati pa Amalawi ndi anzathu ena a ku Africa amene tikuphunzira kapena kugwira ntchito kuno, ndipo iyi ndi ndondomeko imene ndimatsata masiku ano. Zambiri zikuthandizaninso ngati muli ku London kapena ku Johannesburg, kungoti mitengo ndi nkhani ya tipu n'zosiyana.

1. Werengani anthu musanaganize za chakudya

Tsegulani gulu pa WhatsApp kapena pa LINE kutatsala masabata atatu kapena anayi. Lembani tsiku lomaliza loyankha, ndipo nenani poyera kuti "ndiyesetsa" si yankho. Munthu aliyense mum'funse zinthu zinayi: mubwera nokha kapena ndi wina, simudya chiyani, mumamwa mowa kapena ayi, ndipo mungathe kukhala pansi maola awiri? Ngati pali ana kapena achinyamata, dziwani zaka zawo. Ku Japan mowa ndi fodya n'zololedwa kuyambira zaka 20, ndipo lamuloli silinasinthe ngakhale kuti mu Epulo 2022 anatsitsa msinkhu wa munthu wamkulu kufika pa 18.

Chiwerengerocho ndicho chikuuzeni mtundu wa malo. Anthu 6 kapena 8 amakwana paliponse. Kuyambira 10 mpaka 20 mukufunika chipinda chanuchanu, chimene amati koshitsu. Mukapitirira 30, funsani za kashikiri, ndiko kutenga lesitilanti yaing'ono yonse kuti ikhale yanu usiku umenewo.

2. Zimene anthu sadya

Apa ndi pamene kanji watsopano amapunthwa, chifukwa zakudya za Chijapani zimabisa zinthu. Mbale yooneka ngati ya masamba okhaokha nthawi zambiri imakhala yophikira mu dashi, msuzi wopangidwa ndi nsomba youma ya katsuobushi ndi ndere za m'nyanja za kombu. Dashi ali mu supu ya miso, ali mu dzira lokazinga la dashimaki, ali pafupifupi mu chilichonse chowiritsa. Ndiye munthu amene sadya nyama kapena nsomba musamulonjeze kuti "masamba aliko" musanafunse.

M'gulu la kwathu simulephera kupezeka Msilamu ndi wa Seventh Day. Kwa Msilamu vuto si nkhumba yooneka yokha, ngati tonkatsu. Nkhumba ili mkati mwa gyoza, tizakudya tokhala ngati samusa, ili mu tonkotsu, msuzi umene amathira pa ramen (zakudya za ufa zonga supageti), ndipo zakudya zambiri zotsekemera pang'ono amaziphika ndi mirin kapena sake, zomwe ndi mowa wa mpunga. Ena sadandaula za mowa wophikira, ena amakaniratu. Mufunseni mwini wakeyo, musamuganizire. Ku Tokyo kuli malesitilanti a yakiniku ndi shabu-shabu okhala ndi chiphaso cha halal, ndipo ngati Asilamu ali angapo, yambirani pomwepo kufufuza. Wa Seventh Day, kuphatikiza pa nkhumba, sadya nkhanu, tinkhanu ta m'nyanja ta ebi, zamoyo za m'nyanja zopanda mamba monga ika ndi tako wa miyendo 8 uja, ndiponso ambiri amapewa unagi, nsomba yonga njoka ija. Mbale yosakaniza ya sashimi, nsomba yaiwisi yoduladula, imabwera ndi zingapo mwa zimenezi.

Palinso amene thupi lawo limadana ndi zakudya zina. Msuzi wa soya uli ndi tirigu. Soba, zakudya zonga supageti za ufa wa mbewu ya buckwheat, imadwalitsa anthu ena koopsa. Lamulo la ku Japan limakakamiza kulemba zinthu ngati mazira, mkaka, tirigu, soba, mtedza, ebi ndi nkhanu pa zakudya za m'mapaketi, koma malesitilanti sakakamizidwa, choncho muyenera kufunsa nokha.

Ndipo tisanamizane, theka la gulu lanu silifuna nsomba yaiwisi. Wina adzayesa kamodzi kuti ajambulidwe, basi.

3. Sankhani kadyedwe

Mawu oti "lesitilanti ya Chijapani" ali ngati kunena kuti "galimoto": njinga yamoto ndi basi zonse zimayenda, koma imodzi yokha ndiyo inganyamule kwaya. Ku Japan malo ambiri amaphika chinthu chimodzi chokha, ndipo ena sanapangidwire gulu ngakhale pang'ono.

Chotsanitu awa. Kauntala ya sushi ya omakase, kumene wophika amakusankhirani chilichonse, imakhala ndi mipando 8 kapena 10 yondandalika mzere umodzi, anthu amalankhula motsitsa, ndipo mtengo wake ungathe kulipira lendi. Shopu ya ramen ndi yogula tikiti pa makina, kudya, kunyamuka. Sushi yoyenda pa lamba ndi yotchipa ndipo ana amaikonda, koma matebulo ake ndi a anthu 4 mpaka 6, gulu lanu limwazikana ngati nkhuku zaona kabawi.

Otsala ndi awa. Izakaya ndiyo nyumba ya maphwando a magulu. Ndi malo omwera ndi kudyera, kumene timbale tambirimbiri timaikidwa pakati kuti aliyense atapeko: nyemba za edamame, nkhuku yokazinga ya karaage, saladi, yakitori, nkhuku yowotcha ya pa timitengo. Munthu wa kwathu sasochera pa izakaya. Sunagimo ndi nthutumba yowotcha basi. Hokke ndi nsomba yong'amba pakati, yowamba pang'ono, yowotcha, moti ikafika patebulo wina amayamba kukamba za ku Mangochi. Therere liliponso, amati okura. Vuto la izakaya ndi phokoso komanso kuti maziko ake ndi mowa, choncho ngati wobadwayo ndi mkulu wa mpingo, ganizani kawiri.

Yakiniku ndi kuwotcha nokha nyama yoduladula pa kambaula ka pakati pa tebulo. Palibe Mmalawi amene ndinamuonapo akudandaula nayo. Ambiri ali ndi tabehodai, kudya mmene mungathere kwa mphindi 90 kapena 120, ndipo mpunga umabwera poyamba pomwe. Koma kambaula kamodzi kamakwanira anthu 4, mwina 6, ndiye gulu la 20 limasanduka timagulu, aliyense maso pa nyama yake kuti isapserere. Zovala zimanunkha utsi mpaka mawa lake.

Shabu-shabu ndi mphika wa msuzi wowira pakati, mumaviikamo nyama yopyapyala masekondi ochepa pamodzi ndi masamba ndi tofu. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mungagawe miphika: uwu wa ng'ombe yokha, uwo wa odya nkhumba, winawo wa masamba. Kwa gulu la zipembedzo zosiyana ine ndimasankha umenewu. Sukiyaki ndi m'bale wake, koma msuzi wake ndi wotsekemera, uli ndi mirin kapena sake, ndipo nyama amaiviika mu dzira laliwisi, chinthu chimene alendo ena amangochiyang'ana.

Okonomiyaki, chitumbuwa chachikulu cha ufa, kabichi ndi dzira chokazingira pa chitsulo cha patebulo, ndi chotchipa ndiponso chosangalatsa achinyamata. Ku Tsukishima kuli msewu wodzaza ndi mashopu a m'bale wake wa ku Tokyo, monjayaki, koma ambiri ndi aang'ono. Ngati mukufuna mphika waukulu wokhutitsa, ku Ryogoku kuli chanko nabe, chakudya cha omenya sumo.

Nanga teppanyaki ija ya wophika woponya mipeni m'mwamba ndi kuyatsa moto pa anyezi? Kuwotcha nyama pa chitsulo pamaso pa alendo kunatchuka ndi lesitilanti ya Misono ku Kobe mu 1945, koma masewerawo anafala kuchokera ku Benihana, imene Rocky Aoki anatsegula ku New York mu 1964. Kunja kwa Japan ndiyo imene anthu ambiri amasankha pa tsiku lobadwa, ndipo tebulo limodzi limakhala la anthu pafupifupi 8, choncho funsani ngati matebulo anu awiri adzakhale oyandikana. Ku Tokyo teppanyaki nthawi zambiri ndi yodula, yachete, yopanda zisudzo.

4. Chipinda ndi mipando

Ukanji wanga woyamba ndinasankha malo chifukwa cha chithunzi: chipinda chokongola, mphasa za tatami, tebulo lalifupi, zitseko za mapepala. Chipinda chotere amati zashiki, ndipo mumakhala pansi pa kapilo. Ndinaganiza kuti ife a pamphasa sitingavutike. Ndinaiwala kuti kwathu amayi amatambalala miyendo, pamene apa kutsogolo kuli tebulo ndipo kuseri kwake kuli miyendo ya munthu wina. Abambo a mathalauza othina anayamba kusinthasintha makhalidwe pasanathe theka la ola. Azakhali a wobadwayo, amene anabwera kudzacheza kuchokera kumudzi, anapirira mwaulemu, koma nthawi yonyamuka miyendo inali itachita dzanzi, tinachita kuwadzutsa anthu awiri.

Mawu amene muyenera kuwafunafuna ndi horigotatsu. Chimaoneka ngati chipinda chokhala pansi chomwecho, koma kunsi kwa tebulo kuli dzenje lolendewetsamo miyendo, moti mumakhala ngati pa benchi. Kwa okalamba, oyembekezera kapena wa njinga ya olumala, funsani matebulo ndi mipando wamba, teeburu seki. Funsaninso ngati nyumbayo ili ndi chikepe. Ma izakaya ambiri ali pansi pa nthaka kapena pa nsanjika yachisanu ya kanyumba kopanikizika, masitepe ake otsetsereka.

Zashiki ndi horigotatsu zonse n'zovula nsapato. Auzeni anthu pa gulu paja, kuti wa sokosi yobooka adziwiretu.

Chenjeraninso ndi han-koshitsu. Dzinalo likutanthauza theka la chipinda, ndipo kawirikawiri ndi katani kapena kakhoma kosafika kudenga. Ngati mukudziwa kuti padzaimbidwa nyimbo ndi kuombedwa nthungululu, funani chipinda chotsekeka, kanzen koshitsu. Mufunsenso ngati nonse mudzakhale pa tebulo limodzi. Tebulo lalitali la anthu 20 limakhala ndi macheza atatu osamvana, ndiye wobadwayo mum'khazike pakati, osati kumapeto.

Za fodya: kuyambira Epulo 2020 kusuta m'malesitilanti n'koletsedwa, kupatula m'zipinda zapadera ndi malo ena aang'ono. Pamalo pamene kusuta n'kololedwa, wosakwana zaka 20 saloledwa kulowa ngakhale ali ndi makolo ake. Ngati pali ana, funsani.

5. Tsiku ndi dera

Disembala ndi mwezi wa bonenkai, maphwando a kuntchito otsazikana ndi chaka, ndipo zipinda za Lachisanu zimatha kukadali milungu ingapo. Januwale kuli shinnenkai, maphwando olandira chaka chatsopano, kumapeto kwa Malichi ndi Epulo kuli maphwando otsazika ndi kulandira anthu. Tsiku lobadwa likagwa m'miyezi imeneyi, sungitsani malo mwezi wathunthu lisanafike, kapena sunthirani ku Lamlungu madzulo.

Sankhani malo osapitirira mphindi zisanu kuyenda kuchokera pa siteshoni imene ambiri amafikapo osasintha sitima. Shinjuku ndi yapakati, koma ili ndi makomo otulukira oposa 200 ndipo munthu akhoza kuzungulira mkatimo theka la ola. Ueno kapena Ikebukuro nazonso n'zazikulu, komabe siteshoni yaing'ono yoyandikana nazo imakupulumutsani ku mafoni a "ndili pati ine?" Sitima zomaliza zimanyamuka cha m'ma 12 koloko usiku, ndipo okhala kutali ngati ku Saitama kapena Chiba afunika kunyamuka msanga. Kuyamba 6 koloko kapena 6:30 kuli bwino kusiyana ndi 8 koloko.

Pofufuza gwiritsani ntchito masamba a pa intaneti a Hot Pepper Gourmet, Gurunavi kapena Tabelog, zonse zimalola kusefa potengera chiwerengero cha anthu ndi chipinda. Pa Tabelog musadabwe ndi mamakisi otsika. Ajapani ndi ouma manja popereka nyenyezi, 3.5 ndi malo abwino kwambiri, ndipo izakaya ya 3.1 ikhoza kukudyetsani bwinobwino. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsatira anyamata oitanira makasitomala mumsewu, makamaka ku Kabukicho, dera la zosangalatsa za usiku ku Shinjuku. Bilu yake imabwera ndi zinthu zimene simunazimvepo.

6. Kosi, zakumwa ndi ndalama

Gulu lalikulu amalipempha kuti lisankhiretu kosi, ndiye kuti mndandanda wa mbale 7, 8 kapena 9 pa mtengo umodzi pa munthu. Vomerani. Anthu 20 kuitanitsa aliyense zake kumatanthauza kuti woyamba amaliza kudya womaliza asanalandire. Pa izakaya wamba kosi yokhala ndi zakumwa imakonda kukhala pakati pa 4,000 ndi 6,000 yen pa munthu.

Koma dziwani dongosolo lake. Kosi imayamba ndi tozizira, kenako sashimi, zowotcha, zokazinga, ndipo mpunga kapena zakudya za ufa zimabwera kumapeto penipeni, amati shime. Kwa ife zimenezi ndi kudya ndiwo zokhazokha maola awiri. Pa phwando la ukanji wanga woyamba lija, titamaliza mbale yachisanu ndi chimodzi, bambo wina anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, nanga chakudya chibwera nthawi yanji?" Kuyambira pamenepo ndimapempheratu kuti abweretse mbale za mpunga woyera, gohan, kapena mibulu ya onigiri koyambirira, ndipo ndimalipira padera. Ndimapemphanso kuti mbale ya sashimi aisinthe ndi karaage kapena nsomba yowotcha. Malo ambiri amavomera mukanena masiku angapo tsikulo lisanafike.

Nomihodai ndi kumwa mmene mungathere, kawirikawiri kwa maola awiri, koma oda yomaliza amatenga kutatsala mphindi 30. Nthawi zambiri amafuna kuti gulu lonse lilowemo, osati theka. Osamwa mowa ali ndi tiyi wa oolong, juwisi ndi zoziziritsa kukhosi, ndipo nkoyenera kufunsa ngati iwowa angatsitsiridwe mtengo. Ngati omwa ndi atatu okha mwa anthu 20, isiyeni nomihodai, aliyense alipire chakumwa chake.

Funsani ngati mtengo ndi zeikomi, kutanthauza kuti msonkho wa 10 peresenti uli momwemo. Funsaninso za otoshi, kambale kakang'ono kamene amakupatsani musanaitanitse, komwe kwenikweni ndi ndalama ya mpando, mwina 300 mpaka 500 yen pa munthu. Tipu ku Japan kulibe. Mukasiya chenji patebulo akuthamangirani nacho mumsewu.

Masamu ake ndi awa. Anthu 20 pa 5,000 yen ndi 100,000 yen. Wobadwayo salipira, ndiye mugawe pa anthu 19, zikukwana 5,263 aliyense. Tolerani 5,500, mupeza 104,500, yotsalayo ndi ya keke. Tolerani tsikulo lisanafike, pa PayPay (njira yotumizira ndalama pa foni) kapena pamanja. Lesitilanti imapereka bilu imodzi, ndipo kutolera ndalama kwa anthu okhuta amene akuthamangira sitima ndi ntchito imene imathetsa chibale.

7. Imbani foni

Ngakhale mwasungitsa malo pa intaneti, imbani, kapena pemphani mnzanu wodziwa Chijapani aimbe. Funso loyamba: chiwerengero chingasinthidwe mpaka liti? Malo ambiri amalola mpaka dzulo lake kapena masiku awiri tsikulo lisanafike, ndipo amene sanabwere pa tsikulo mumamulipirira ndalama yonse. Lembani zimenezi pa gulu m'zilembo zazikulu. Wobwera ndi mnzake wosawerengedwa adziwe kuti mpando kulibe, mbale kulibe.

Kenako keke. Kubweretsa chanu amati mochikomi. Ena amalola ulere, ena amalipiritsa, ena amakana. Mufunse ngati angakusungireni mu firiji ndiponso ngati makandulo ndi ololedwa. Keke yabwino mungaigule m'mashopu a pansi pa masitolo akuluakulu, depachika, kumene amakufunsani kuti muyenda nayo nthawi yaitali bwanji n'kukuikirani timapaketi tozizira. Njira yosavuta ndi kupempha mbale ya zotsekemera yolembedwa uthenga ndi chokoleti, imene ma izakaya ambiri amakonza. Dzina la wobadwayo litumizeni polemba, chilembo ndi chilembo. Dzina la kwathu lokhala ndi ng' kapena mph likatchulidwa pa foni, limafika pambale litasanduka lina.

8. Tsiku lenilenilo

Wotchi imayamba pa nthawi imene munasungitsa, osati pamene wafika womaliza. Ndinaonapo anthu akufika 8:15 pa phwando la 7 koloko, atangokhala pansi n'kumva kuti oda yomaliza ndi 8:30. Malo ena, gulu likachedwa mphindi 15 osaimba foni, amapereka chipindacho kwa ena. Choncho auzeni anthu nthawi yokumana yotsogola ndi theka la ola, pa geti lodziwika la siteshoni, osati pa chiboliboli cha Hachiko ku Shibuya pamene Tokyo yonse imadikirirana. Inu fikani pa lesitilanti msanga ndi keke, wina atsale pa siteshoni kukusa ochedwa.

Anthu akakhala, itanitsani chakumwa choyamba mwamsanga, ndipo wina asamwe mpaka nonse mutakweza matambula n'kunena kanpai. Ngati mukufuna pemphero, liikeni patsogolo pa kanpai, lalifupi. Osazolowera timitengo todyera apemphereni mafoloko, palibe amene adzaseke. Zoletsedwa n'ziwiri: kuzika timitengo mumpunga chiimire, ndi kupatsirana chakudya kuchoka pa timitengo kupita pa timitengo. Zonsezi zimachitika pa miyambo ya maliro. Masilipasi a kuchimbudzi atsale kuchimbudzi komweko.

Keke ibwere kutatsala mphindi 40 kuti nthawi ithe, osati kumapeto, kuti pakhale mpata wa nyimbo, zithunzi ndi mawu a azakhali. Wogwira ntchito akabwera kudzanena kuti nthawi yakwana, akunenadi zoona, pali gulu lina likudikira chipindacho. Lipirani pa kauntala, nenani gochisosama deshita, mawu othokoza chakudya, ndipo muone kuti palibe amene watsala ndi kiyi wa kabokosi ka nsapato m'thumba. Amene sanatope apite ku nijikai, phwando lachiwiri, lomwe nthawi zambiri ndi karaoke pafupi ndi siteshoni. Chipinda cha karaoke cha anthu oposa 10 nachonso chimafunika kusungitsiratu ngati ndi Lachisanu kapena Loweruka, ndipo malo ena a karaoke amalola kulowa ndi keke yotsala.